Chimodzi, Zitatu, Zinayi, Ziwiri

Loweruka m'mawa ku Chilenje, magetsi atathima kale,
ndatsegula boneti ya Korola ya atate
n'kuichirikiza ndi mpini wa tsache,
poti kachitsulo kake kanathyoka chaka cha kolera.

Sabata yonse yakhala ikutsimphina galimotoyi,
kutsokomola pa maloboti a ku Kabwata
ngati munthu wotsamwa ndi chimanga chokazinga.
Makaniko wa ku Kamwala atatchula mtengo
ndinangoseka, n'kukumbatira chikwama changa.
Ndinapita ndekha ku Panganani:
mapulagi anayi m'timabokosi, mawaya m'pepala la pulasitiki,
Yotamu wa m'sitolo n'kufunsa,
"Nanga bambo a kunyumba ali kuti?"

Bambo a kunyumba ali pakhonde,
bulangete m'maondo.
Zaka makumi atatu anazithera kunsi kwa mabasi,
lero dzanja lamanja lagona pantchafu ngati la mwini,
ndipo mawu, chiwagwirireni sitiroko,
amathera pakhosi.

Pulagi yoyamba yakana.
Ndaidonthezera mafuta, ndadikira,
ndamenya sipanala ndi chikhatho,
yalira kwii, yagonja.
Yatuluka yakuda bii, mwaye mpaka m'mazinga,
kamlomo kodyeka ngati dzino la mbuzi yokalamba.
Yatsopano ndayamba kuilowetsa ndi zala,
pang'onopang'ono, isapite chammbali,
monga ndinkaonera ndili wa giredi folo,
nditagwira tochi, iwo akukalipa
kuti ndikuunika chala changa m'malo mwa injini.

Zinayi zonse zalowa. Chikhadabo chimodzi chatsala momwemo.

Koma mawaya, mayo ine,
ndazula onse pakamodzi ngati ndikuzula bonongwe.
Ndayang'ana disitibyuta, nayo yandiyang'ana
ndi maso ake anayi.
Ndalumikiza monga tinkawerengera kusukulu,
wani, thuu, fili, folo,
ndapukuta manja m'chitenje, ndapotoza kiyi.

Phuu!
Nkhuku za amake Lusungu zabalalika,
utsi wakwera mpaka pa chingwe cha zovala,
anyamata okhala pampanda agwira nthiti.
Mmodzi akuti, "Anti, itanani mwamuna!"

Kenaka go, go, go.
Ndodo pa simenti ya khonde.
Atate akweza dzanja lamanzere, likunjenjemera,
nkhope yopendekera ija ili ndi ukali wakale.
Chala chimodzi.
Atsitsa, akwezanso: zitatu.
Zinayi.
Apuma, malovu akuyenderera pachibwano.
Ziwiri.

Ndaima ndi waya m'manja.
Kani moto suyenda motsata kubadwa.

Gerishomu, woyamba, anayaka msanga,
ali ku Kitwe, amatumiza moni pa Khirisimasi.
Vailesi, wachitatu, anakwatiwa ku Chipata.
Limbikani, chitsirizira, anakwera basi ya ku Joni
ndipo nambala yake imasintha ngati mtengo wa petulo.
Wachiwiri ndi ine, Tikambenji,
amene palibe anandiphunzitsa kugwira sipanala,
ndinkangogwira tochi.

Ndazulanso mawaya.
Uyu apa, wotsatira adumphe chitseko chimodzi,
winayo kumapeto, wotsala abwerere mmbuyo,
aliyense ndikumukanikiza mpaka amveke thi.

Kiyi.
Yatsokomola kamodzi, mwina mwamanyazi,
kenaka yagwira, ikung'ung'udza mosalala,
mpini wa tsache ukungonjenjemera pang'ono.
Pampanda pati zii.

Ndawagwira m'khwapa atate, tatsika masitepe awiri.
Ayika chikhatho chamoyo chija pa madigadi,
atsinzina, akumvetsera ndi khungu
monga ankachitira ndi mabasi a ku Mongu.
Ndikuti, "Lolemba ku UTH tipita ndi yathu,
sitikweranso minibasi."
Ndikudikira kuti agwedeze mutu.

Sanagwedeze.
Atsegula maso, aloza ndi ndodo:
sipanala ndaiiwala pamwamba pa batire.